Mbiri ya Duwa Lotonthoza Ululu Limene Ladzaza Manda

Kuyambira makedzana anthu a ku Asia adadziwa kuti utomoni wa duwa lotchedwa poppy umagonetsa ululu, ndipo pamene Friedrich Sertürner wa ku Germany adasungunula utomoniwo natulutsamo morphine cha m'ma 1805, asing'anga a Azungu adayesa kuti alandira mphatso yochokera Kumwamba. M'chaka cha 1898 kampani ya Bayer idayamba kugulitsa heroin, mwana wa morphine, monga mankhwala a chifuwa oyenera ngakhale ana. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, pakuti amene adachira chifuwa adatsala akapolo a botolo lomwe lidawachiza.

Malonda ozembetsa heroin adafika m'dziko lathu la Mozambique nkhondo itatha mu 1992, pamene misewu idatseguka ndipo gombe lalitali lidakhala lopanda mlonda wokwanira. Heroin wa ku Afghanistan amakwera zombo za matanga pa gombe la Makran, natsikira ku Cabo Delgado usiku, nabisidwa m'magalimoto mpaka Johannesburg, kumene amapitirira ku Ulaya. Ndipo ngakhale boma lidakhazikitsa Lamulo 3/97 lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, mlembi Joseph Hanlon adawerengera mu 2018 kuti matani 40 kapena kuposa amadutsa chaka chilichonse. Ambiri adadzitonthoza nati, ife ndife njira chabe, katunduyu ngwa eni ake a kutali. Adanamizidwa. Wina wa katunduyo amatsalira m'njira, kotero kuti mu 2018 a Médecins Sans Frontières pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo adatsegula nyumba ku Mafalala, mu Maputo, yolandira anyamata ndi atsikana odzibaya jakisoni, ndipo ku Joni, kumene ana athu amakasaka ganyu, heroin yemweyo amasakanizidwa ndi chamba nagulitsidwa pa dzina la nyaope.

Koma mbumba ya duwali ili ndi mdzukulu amene safuna munda, mvula kapena khasu. Fentanyl adapangidwa ndi Paul Janssen ku Belgium cha m'ma 1960, ndipo m'manja mwa dokotala ndi mtumiki wokhulupirika, wothandiza pa opaleshoni ndi pa ululu wa khansa. M'manja mwa wamalonda ndi mngelo wa imfa, popeza mphamvu yake iposa ya heroin ka 50, ndipo mamiligalamu 2 okha, ochepa ngati timibulu tingapo ta mchere, akhoza kuletsa munthu kupuma. Ogulitsa amamuthira mu heroin kapena kumuumba m'mapiritsi ofanana ndi a kuchipatala, chifukwa ngwotchipa ndi wosavuta kubisa, ndipo wogula amameza osadziwa chimene wameza. Ku United States mu 2022 anthu oposa 100,000 adafa ndi mankhwala ozunguza bongo, pafupifupi 7 mwa 10 alionse chifukwa cha fentanyl ndi abale ake opangidwa m'mafakitale.

Wina adzati, kodi za ku America zitikhudza bwanji ife a ku Mualadzi ndi Nsadzu, m'chigawo cha Tete? Akumbuke kuti msewu wochokera ku Tete umadutsa pakati pathu kunka ku Cassacatiza ndi ku Zambia, kuti m'maenje a golide muli anyamata otopa ofuna chowaiwalitsa kutopa, ndi kuti pa nyengo yogulitsa fodya ndalama imagona m'thumba la mwana amene dzulo adalibe kanthu. Ku Sierra Leone, Pulezidenti Julius Maada Bio adalengeza mu April 2024 kuti mankhwala ozunguza bongo otchedwa kush ndi tsoka la dziko lonse, ndipo atamuyeza kush adampezamo ma nitazene, a mtundu woopsa ngati fentanyl. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene chindidetsa nkhawa koposa ndi mwambo wathu wobisa chimene chapha munthu, ndipo pano chigawo chathu chomwe cha Tete chili ndi umboni wowawa. Pa 9 January 2015, anthu a ku Chitima m'boma la Cahora Bassa adamwa mowa wa phombe pochokera ku maliro. Adafa 75, kuphatikizapo mayi wofulula mowawo, ndipo Pulezidenti Armando Guebuza adalamula masiku atatu a kulira. Mbiri idawanda ponseponse kuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona, anansi nayang'anizana ndi diso lofiira, mpaka mu November pamene zoyeza zidaonetsa kuti ufa wa chimanga udaonongeka, ndipo kachilombo ka Burkholderia gladioli kadaberekamo poizoni. Panalibe mfiti. Akadakhutira ndi nkhani ya ng'ona, wosalakwa akadasenza mlandu ndipo ofulula ena sakadachenjezedwa za ufa wovunda. Momwemonso mnyamata akafa ndi mankhwala, abale nanena kumanda kuti adangodwala mutu kapena adalodzedwa, manyazi a banja aphimbika ndithu, koma anzake a malemuyo amabwerera kwa wogulitsa yemweyo madzulo ake.

Ku Melbourne mu 2001 anthu adasankha 31 August kukhala tsiku lokumbukira omwalira motere, lotchula maina awo popanda kuwatonza. Ife amene timadziwa kuti maliro n'kulirana sitiyenera kuphunzitsidwa zimenezi ndi alendo. Inu mafumu, akulu a mpingo ndi anakubala, mukapeza mwana ali gone, akuliza mkonono wachilendo, mpweya ukutuluka patalipatali, kamwana ka diso katachepa, musati waledzera adzuka yekha. Mugonekeni chammbali, musamusiye yekha, thamangirani naye ku chipatala, ndipo muwauze anamwino zoona zake za chimene wamwa, pakuti alipo mankhwala otchedwa naloxone obweza mpweya wa munthu wotere ngati aperekedwa msanga.