Shoteji

Shoteji ndi mawu ochokera ku Chingerezi, shortage, otanthauza kuperewera kwa chinthu chimene anthu ambiri akuchifuna, monga ufa, shuga, mafuta ophikira kapena madzi. Pamalonda, monga pamsika wa Kamushanga ku Kabwe, mawuwa amanenanso ndalama zosakwana: wogulitsa akawerengera madzulo n'kupeza kuti ndalama zachepa poyerekeza ndi katundu amene watuluka, ndiye kuti pali shoteji. Ku Zambia mawuwa amakumbutsa zaka za m'ma 1980, pamene anthu ankalawirira kukaima pamizere italiitali kumasitolo a boma. Shoteji imasiyana ndi umphawi, chifukwa imagwira ngakhale munthu amene ndalama ali nazo m'manja koma chogula palibe.