Nyimbo ya Mussorgsky M'manja mwa Anyamata a Rock

Akuluakulu adati mawu a akulu akoma akagonera. Mbiri ya nyimbo yotchedwa Pictures at an Exhibition ikuchitira umboni mwambiwu, pakuti nyimboyi idagonera zaka pafupifupi 100 isanafike m'makutu mwa achinyamata okonda rock.

M'chaka cha 1873, ku Russia kudamwalira katswiri wojambula zithunzi dzina lake Viktor Hartmann. Chaka chotsatira anzake adakonza chionetsero cha ntchito zake mumzinda wa St Petersburg. Mmodzi mwa anthu amene adakaona zithunzizo adali bwenzi lake, Modest Mussorgsky, wopeka nyimbo. Pofuna kulira mnzakeyo, iye adapeka nyimbo ya piyano ya zigawo khumi, chigawo chilichonse kufotokoza chithunzi chimodzi. Pakati pa zigawozo adaikapo kanyimbo kobwerezabwereza kosonyeza munthu akuyenda kuchoka pa chithunzi china kupita pa china. Mussorgsky adatsikira kulichete mu 1881 nyimboyi isanasindikizidwe. Idadzatchuka kwambiri mu 1922, pamene Mfalansa wina, Maurice Ravel, adaikonza kuti iziimbidwa ndi gulu lalikulu la azeze, malipenga ndi zitoliro.

Tsono chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, oimba ena a ku Britain adayamba kutopa ndi nyimbo za rock za mphindi zitatu zokha. Iwo adafuna nyimbo zazitali, zosinthasintha kayendedwe, ndipo adapeza chitsanzo m'nyimbo zamakedzana za ku Ulaya. Maimbidwe atsopanowa adatchedwa progressive rock. Mu 1967 gulu la Procol Harum lidatchuka ndi nyimbo imene limba lake linkakumbutsa za Bach. Koma amene adalowa mozama m'nkhokwe ya makolo adali Keith Emerson, yemwe adaphunzira piyano kuyambira ali mwana. Mu 1970 iye adapanga gulu ndi Greg Lake ndi Carl Palmer.

Pa 26 Malichi 1971, atatuwa adaimba nyimbo ya Mussorgsky mu holo ya mzinda wa Newcastle. Adasankhamo zithunzi zinayi zokha pamodzi ndi kanyimbo ka woyenda kaja, nawonjezapo zawozawo. Emerson adayamba ndi limba lalikulu la mu holomo, kenaka nkutembenukira ku makina amagetsi a Moog. Lake adapeka mawu pomwe mwini wake sadaikepo mawu, Palmer naomba ng'oma mwamphamvu. Chimbale chake chidafika pa nambala 3 pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain. Motero achinyamata ambiri adamva koyamba dzina la Mussorgsky kudzera mwa oimba a rock.

Komabe kubwereka kuli ndi mwambo wake. Pa chimbale chawo choyamba, gululi lidatenga nyimbo ya Béla Bartók wa ku Hungary popanda kulemba dzina lake, mpaka mkazi wa malemuyo adadandaula ndipo dzinalo lidaikidwapo. Mu 1977 zinthu zidayenda mwaulemu: Aaron Copland wa ku America adavomereza yekha kuti iwo aimbe nyimbo yake ya Fanfare for the Common Man.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Pofika chaka chomwecho, achinyamata a punk adali atayamba kunyoza maimbidwewa kuti ngodzitukumula ndi odula, ndipo kutchuka kwake kudayamba kuzilala. Emerson ndi Lake adamwalira onse mu 2016.

Tikalingalira bwino, nyimboyi idadutsa m'manja anayi: wojambula, wa piyano, wa gulu lalikulu ndi a magitala. Aliyense adalandira, nasintha, napatsira mnzake. Luso limakula motero. Wobwereka sachimwa posintha chimene walandira. Amachimwa akabisa dzina la amene adamubwereka.