Kapitao wa M'kompyuta: Mbiri ya CP/M

Pa esiteti ya fodya ku Kasungu mwini munda salankhula ndi wantchito aliyense. Iye amauza kapitao, ndipo kapitaoyo ndiye adziwa woti apite ku nazale, woti akasonkhe moto ku balani, ndi pamene belo lililonse laikidwa. M'kompyuta namonso muli kapitao wotere, ndiye pulogalamu yoyang'anira zinzake zonse. Mmodzi wa akapitao oyamba a makompyuta aang'ono anali CP/M.

Amene anaikonza m'chaka cha 1974 ndi Gary Kildall, mphunzitsi wa pa sukulu ya asilikali a pamadzi ku Monterey, m'dziko la America. Masiku amenewo kampani iliyonse inali kupanga makina a mtundu wakewake, kotero kuti pulogalamu yolembedwera makina awa inali kukana pa makina awo.

Kildall anagawa CP/M patatu. Gawo loyamba linali kumva mawu amene munthu walemba, lachiwiri linali kusunga mafayilo pa disiki. Koma nzeru yeniyeni inagona pa gawo lachitatu, lotchedwa BIOS. Mlimi akagula ng'ombe zina sataya ngolo kapena pulawo ayi. Amangosema goli loyenera makosi a ng'ombezo. BIOS inali goli lomwelo. Wopanga makina atsopano anali kungolemba kagawo aka kokha, zina zonse nizikhala monga zinaliri. Chifukwa cha ichi pulogalamu imodzi, monga WordStar yolembera makalata, inayenda pa makina a mitundu yambirimbiri, ndipo kampani ya Kildall, Digital Research, inalemera.

M'chaka cha 1980 kampani yaikulu ya IBM inadza kudzafuna CP/M, koma sanamvane msanga. Pamenepo Microsoft inagula pulogalamu ya Tim Paterson yofanana kwambiri ndi CP/M, niipereka kwa IBM. Makina a IBM anatuluka mu Ogasiti 1981, ndipo pulogalamuyo, PC DOS, inagulidwa pa madola 40. CP/M yoyenera makinawo inafika mochedwa, mtengo wake madola 240. Ndani akanalipira kasanu ndi kamodzi pa katundu wogwira ntchito yomweyo? Anthu anaisiya, ngakhale kuti sinali yoipa.

Kildall anamwalira m'chaka cha 1994. Mwambo wotcha disiki ndi chilembo, monga A ndi B, unachoka ku CP/M nulowa mu DOS. Chilembo cha C chimene makalaliki aona pa Windows m'maofesi a pa boma la Kasungu nchochokera komweko.