Khonsolo ya Joni ndi Ife Alendo

Abale athu okondedwa okhala m'mahositelo ndi m'zipinda za lendi muno m'Joni, ambiri a inu mukukumbukira usiku wa pa 31 Ogasiti 2023, pamene moto unabuka m'nyumba yosanjikiza ya pa 80 Albert Street ku Marshalltown, imene anthu ankaitcha Usindiso. Anthu 76 anafera m'motomo, ena a iwo ana aang'ono, ndipo pakati pao panali Amalawi anzathu ambiri ndithu. Maliro atatha, anthu anatsala akufunsana kuti, kodi mwini nyumbayo anali yani? Nyumbayo inali ya Khonsolo ya mzinda wa Johannesburg, Khonsolo yomweyo imene ili ndi udindo woyang'anira umoyo ndi chitetezo cha anthu onse a mumzinda. Tsono tafuna kuti tibwerere m'mbuyo, tione m'mene Khonsolo imeneyi yakhala ikusungira anthu obwera kudzagwira ntchito kuyambira masiku a makolo athu, pakuti zimene zinachitika usiku umene uja sizinali zachilendo m'mbiri ya mzinda uno.

Mliri wa 1904

Mzinda wa Joni unayamba m'chaka cha 1886 chifukwa cha golide. Chakumadzulo kwa tauni, pamalo pamene lero tikuti Newtown, panali lokeshoni yokhalamo Amwenye pamodzi ndi anthu akuda. M'chaka cha 1903 Khonsolo inalanda malo amenewa ponena kuti ndi auve, ndipo kuyambira pamenepo iyo yomwe ndiyo inasanduka mwini nyumba ndi wolandira lendi. Koma uve sunachepe ai. Anthu anachulukirachulukira m'zipinda, zinyalala zinaunjikana, zimbudzi zinasefukira. M'mwezi wa Febuluwale 1904 loya wina wa Chimwenye, M. K. Gandhi, yemwe pambuyo pake anatchuka dziko lonse lapansi, analemba makalata kwa Dr Charles Porter, dokotala wamkulu wa Khonsolo, kumchenjeza kuti ngati malowo sakonzedwa padzagwa mliri. Panalibe chachikulu chimene chinachitika. M'mwezi wa Malichi, itagwa mvula ya masiku ambiri, mliri wa nthenda ya makoswe unabukadi, ndipo anthu anayamba kufa.

Apa ndipo Khonsolo inachita changu. Inatchinga lokeshoni yonse, inasamutsa anthu oposa 3,000, ndipo m'mwezi wa Epulo inatentha nyumba zao zonse. Anthuwo anakawatula ku Klipspruit, mtunda wa mamailosi oposa 10 kuchokera m'tauni, pafupi ndi malo othirako zonyansa za m'zimbudzi za mzinda. Mudzi umenewu ndiwo unatchedwa Pimville m'chaka cha 1934, ndipo ndiwo muzu wa Soweto. Taonani abale, pamene odandaula anali anthu a m'lokeshoni okha Khonsolo inakhala chete, koma nthenda itaopseza azungu a m'tauni, mankhwala amene anapezeka anali kuchotsa anthu osauka ndi kuwataya kutali.

Mlendo ndi mame

M'mwezi wa Okutobala 1918 kunagwa mliri wa fuluwenza umene unapha anthu ambirimbiri m'dziko lonse la South Africa, makamaka okhala mothithikana. Pambuyo pake Khonsolo inamanga nyumba za Western Native Township, ndipo boma linayamba kufunsa kuti anthu akuda a m'matauni awayang'anire ndani. Bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi Colonel Stallard linalangiza m'chaka cha 1922 kuti munthu wakuda aloledwe kukhala m'tauni pokhapokha pamene ali kutumikira azungu, ndipo ntchito ikatha achoke. Kwathu timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akuluakulu a nthawi imeneyo anautenga mtima umenewu nausandutsa lamulo, ndipo munthu amene akumuyesa mame sammangira nyumba yabwino kapena chipatala.

Lamulo la 1923 lokhudza anthu akuda a m'matauni linapatsa makhonsolo mphamvu yomanga malokeshoni ndi mahositelo. Linalamulanso kuti ndalama za lendi, za zindapusa ndi za mowa zochokera kwa anthu akuda ziziikidwa m'thumba lapadera, ndipo thumba lomwelo ndilo lizilipira zosowa zao. Linakhazikitsanso timabungwe ta aphungu olangiza a m'malokeshoni, amene ankaloledwa kulankhula koma analibe mphamvu yolamula kanthu. Makhansala enieni ankasankhidwa ndi azungu okha. Mu 1927 Khonsolo ya Joni inatsegula ofesi yakeyake yoyang'anira anthu akuda.

Makolo athu a ku Nyasaland analowa bwanji m'nkhani imeneyi? Mu 1913 boma linaletsa migodi kulemba ntchito anthu ochokera maiko a kumpoto, kuphatikizapo kwathu, chifukwa ankafa kwambiri ndi chibayo, ndipo chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Komabe anthu sanaleke kubwera. Ambiri ankabwera paselefu, kuyenda pansi kudzera ku Mozambique ndi ku Rhodesia, nakapeza ntchito m'tauni monga makhukhi, operekera zakudya m'mahotela, matelala ndi alonda. Munthu wa Wenela ankagona m'komboni ya mgodi ndipo akadwala ankapita kuchipatala cha mgodi. Koma wa selefu moyo wake unali m'manja mwa Khonsolo, pakuti malo ogona, madzi, chimbudzi ndi kiliniki zonse zinali za Khonsolo.

Kiliniki yomangidwa ndi mowa

Mzinda wa Durban ndiwo unayamba, m'chaka cha 1909, nzeru yakuti Khonsolo yokha ndiyo izifulula ndi kugulitsa mowa wamasese. Joni inatsatira mu 1938 pamene inatsegula nyumba yake yoyamba ya mowa. Phindu lake linali lalikulu, ndipo linkathandiza kulipira nyumba za m'malokeshoni, makiliniki, mabwalo a mpira ndi malipiro a antchito a Khonsolo. Tiyenera kunena zoona kuti m'makiliniki amenewo munali manamwino akuda ogwira ntchito modzipereka, amene anabaya ana katemera, anathandiza amai oyembekezera ndi kusamala odwala chifuwa chachikulu. Koma ndalama zake zinkachokera m'matumba a amuna a m'mahositelo monga Wemmer, Wolhuter ndi Denver, amene ankamwera malipiro ao Loweruka ndi Lamulungu pamene ana ao kumudzi analibe chobvala. Amai ofulula mowa kunyumba ankasakidwa ndi kumangidwa kuti malonda a Khonsolo asaonongeke. Apolisi a Khonsolo, amene anthu ankawatcha mabulakijeki chifukwa cha yunifomu yao yakuda, ankadziwika ndi kugogoda pazitseko usiku kufuna zitupa ndi lendi, osati ndi kuteteza munthu kwa achifwamba.

Panali nthawi imodzi pamene anthu anaikakamiza Khonsolo kumva. M'mwezi wa Malichi 1944 James Mpanza, wotchedwa Sofasonke, amene anali phungu wa kabungwe kolangiza ka ku Orlando, anatopa ndi kupempha nyumba, natsogolera mabanja osowa pokhala kukamanga misasa ya masaka pabwalo la Khonsolo. Anthu anakhamukirako zikwizikwi, ndipo Khonsolo, poopa matenda, inakakamizika kumanga malo ogona ndi kupereka madzi ndi zimbudzi. Zimene makalata a zaka zambiri analephera, anthu ogwirizana anazichita m'miyezi yowerengeka.

Albert Street ndi Dube

Nyumba ija ya pa 80 Albert Street inatsegulidwa mu 1954 monga likulu la ofesi ya Khonsolo yoyang'anira anthu akuda, ndipo ndimo munkadindidwa zitupa. Amuna ofuna ntchito ankafola pamzere kuyambira mbandakucha. M'katimo ankawabvula zobvala kuti dokotala awapime, akulu ndi anyamata pamodzi, zimene zinali zochititsa manyazi kwambiri. Kupimako sikunali kofuna kuchiza munthu ai, koma kuona ngati ali woyenera kugwira ntchito. Amene sanapeze chilolezo ankamdindira kuti achoke mumzinda pasanathe maola 72.

Mu 1955 kunabwera lamulo loletsa kuti anthu akuda oposa 5 azigona m'tizipinda ta pamwamba pa nyumba iliyonse yosanjikiza ya m'tauni. Amuna ambiri osesa ndi olondera nyumbazo, makamaka Azulu, anasamutsidwira ku hositelo yatsopano ya Dube yokhalamo anthu oposa 5,000, popanda akazi kapena ana. Tsiku lolandira malipiro ankaberedwa ndi kubayidwa ndi atsotsi m'masitima odzaza ndi panjira yochokera kusiteshoni, ndipo panalibe wowateteza. Anayamba kudziteteza okha ndi zibonga, mkwiyo unakula, ndipo pa 14 ndi 15 Sepitembala 1957 kunabuka nkhondo pakati pa amuna a m'hositelo, magulu a Abasotho otchedwa Marashea ndi apolisi. Anthu oposa 40 anafa.

Boma linakana kufufuza nkhaniyi. Apa tiyenera kuiyamikira Khonsolo, pakuti inasankha yokha bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza wamkulu wopuma ntchito, Albert van der Sandt Centlivres. Bungwelo linaloza chala pa kuchepa kwa chitetezo cha apolisi, umphawi, kuthithikana m'masitima, kugawa anthu malo okhala potsata mitundu yao, ndi khalidwe lomwelo losunga amuna okhaokha kutali ndi mabanja ao. Mau ake anali oona, koma boma la tsankho silinawasamale, ndipo mahositelo ena anapitirira kumangidwa. Mu 1973 boma linalanda Soweto ndi mahositelo m'manja mwa Khonsolo nkuwapereka ku bungwe lake la West Rand Administration Board. Pamene ana a sukulu anaukira mu Juni 1976, nyumba za mowa ndi maofesi a bungwelo zinali pakati pa zinthu zoyamba kutenthedwa.

Nkhani yakale m'masiku atsopano

Zitupa zinathetsedwa mu 1986, ufulu unabwera mu 1994, ndipo tsopano makhansala amasankhidwa ndi nzika za mitundu yonse. Nyumba ya pa Albert Street inabwerekedwa kwa bungwe losunga amai ndi ana ozunzidwa, ndipo ndiko kunachokera dzina la Usindiso. Pambuyo pake inagwa m'manja mwa anthu olanda nyumba, amene anagawa zipinda ndi matabwa ndi mapulasitiki namalandira lendi kwa anthu osauka. Mu 2019 apolisi analowamo nagwira alendo ambiri, koma nyumbayo inatsala monga inaliri. Moto utachitika, boma la chigawo cha Gauteng linasankha bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza wopuma ntchito, Mai Sisi Khampepe. Munthu wina anabvomera pamaso pa bungwelo kuti ndiye anayatsa motowo. Komabe lipoti la mu Meyi 2024 linanena kuti Khonsolo inkadziwa za kuopsa kwa nyumbayo kuyambira 2019 ndipo sinatsate malamulo ake omwe a zaumoyo ndi za moto. Njira zothawira zinali zotsekeka, zida zozimitsira moto panalibe, ndipo anthu ena anafa podumpha pazenera.

Yerekezani ndi 1904. Kufika mu 2023 panali patapita zaka 119, koma mwini nyumba anali yemweyo, chenjezo linaperekedwa nthawi ilipo, ndipo ambiri mwa okhalamo anali anthu amene sawerengedwa pa tsiku la chisankho.

Chimene chasintha

Komabe tisanene kuti palibe chimene chasintha. Malamulo Aakulu a dziko lino a 1996, m'ndime 152, amapatsa khonsolo iliyonse ntchito yolimbikitsa malo okhala aukhondo ndi otetezeka, ndiponso yomva maganizo a anthu a m'dera lake. Ndime 27 imaletsa kukaniza munthu aliyense chithandizo cha chipatala pa ngozi, ndipo siisiyanitsa nzika ndi mlendo. Lamulo la makhonsolo la 2000 limapatsa anthu okhala mumzinda ufulu wopereka madandaulo ao, pakamwa kapena polemba, ndi kulandira yankho. Ife alendo sitiponya nao voti, koma ndife okhala mumzinda, ndipo ufulu umenewu makolo athu analibe.

Tsono tidziwe khomo loyenera kugogoda. Zipatala zazikulu monga Baragwanath zili m'manja mwa boma la chigawo. Madzi, zimbudzi, zinyalala, ozimitsa moto, oyendera zaukhondo ndi makiliniki ambiri ndi za Khonsolo. Mahositelo ena ndi a Khonsolo ndipo ena ndi a chigawo, chotero munthu aliyense afunse kuti denga limene akugonamo ndi la yani, ndiponso khansala wa dera lake ndani. Moto kapena ngozi ikachitika, nambala yake ndi 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja.

Tikudziwa mantha amene ambiri a ife tili nao, akuti ukakadandaula za chimbudzi chosefukira kudzabwera apolisi ofuna mapepala m'malo mwa okonza mipope. Manthawa ali ndi chifukwa chake, monga taonera m'mbiri yonseyi. Chifukwa chake munthu asapite yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Dandaulo lilembedwe m'dzina la mpingo, la komiti ya hositelo kapena la bungwe lathu la maliro, pamodzi ndi anansi athu Azulu, Abasotho ndi Ashangani amene timamwa nao madzi pa mpope umodzi. Likhale ndi tsiku, alandire ndi kudinda, ndipo kope lake lisungidwe. Makalata a Gandhi akudziwika mpaka lero chifukwa analembedwa, ndipo Mai Khampepe anatha kunena kuti Khonsolo inkadziwa chifukwa panali umboni.

Ndipo madzulo ano, musanagone, yendani m'khonde la nyumba yanu, muone ngati chitseko chothawira moto chili ndi loko, ngati mawaya a magetsi ali pamtunda, ngati chozimitsira moto chilipo pakhoma. Zimene mwapezazo mubwere nazo ku msonkhano wa Lamulungu kuti tilembe pamodzi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.