SITORO YA ANTHU OOMBA NSARU A KU ROCHDALE

Munthu akafuna kuyamba malonda ayenera kuyankha mafunso awiri. Loyamba ndi ili: kodi malonda angawa ndiwayambiranji? Laciwiri ndi ili: nanga anthu adzasiyiranji masitoro ena ndi kudzagula kwa ine? Ambiri amayankha funso limodzi naiwala linzace. M'nkhani ino tidzamva za anthu osauka a ku England amene anapeza yankho limodzi lokwanira mafunso onse awiri.

Mabvuto a ku Rochdale

Rochdale ndi mudzi waukuru wa pafupi ndi Manchester, umene kale unali m'cigawo ca Lancashire. Kale anthu ace ambiri ankapeza ndarama ndi nchito yoomba nsaru ndi manja. Koma pamene makina anacuruka m'mafakitale, malipiro a oomba ndi manja anatsika kwambiri, ndipo m'zaka za m'ma 1840 njala inalowa m'nyumba zambiri.

Pamwamba pa njalayo panali cinyengo ca ogulitsa. Ambiri ankasakaniza coko mu ufa wa tirigu kuti ucuruke, kapena mankhwala dzina lace alum kuti uoneke woyera. Mu mkaka ankathiramo madzi, mu tiyi masamba a mitengo ina, ndipo masikelo ao sanali oona. Wosauka sakanatha kudandaula, pakuti anali ndi ngongole kwa mwini sitoro yemweyo, ndipo akapita kwina sakanamkongoza. M'caka ca 1833 anthu ena anayesa kutsegula sitoro yogwirizana m'mudzi momwemo, koma patapita zaka ziwiri inagwa, makamaka cifukwa ca kukongoza.

Ciyambi ca sitoro

M'caka ca 1844 amuna 28, ena oomba nsaru, ena a nchito zina za manja, anapangana kuyesanso. Bungwe lao analicha Rochdale Society of Equitable Pioneers, ndiko kunena kuti oyambitsa malonda acilungamo. Anasonkha makobiri awiri, pambuyo pace tiki, sabata ndi sabata, kufikira mpamba wao unakwana £28. Zoonadi, pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Anabwereka cipinda ca pansi ca nyumba ya nambala 31 mu mseu wa Toad Lane, pa lendi ya £10 pa caka, ndipo anatsegula madzulo a pa 21 December 1844. Katundu wao anali batala, shuga, ufa wa tirigu, ufa wa phala ndi makandulo owerengeka. Anyamata a m'mafakitale anaima pa mseu nawaseka, popeza katunduyo anali wocepa ndithu. Poyamba sitoro inkatsegulidwa madzulo okha, kawiri pa sabata, cifukwa eni ace usana anali ku nchito. Patapita miyezi pang'ono anaonjeza tiyi ndi fodya.

Cimene cinawasiyanitsa ndi ena

Anthu awa sakanatha kupikisana ndi masitoro akulu pa kucuruka kwa katundu kapena pa kukongola kwa nyumba. Anagulitsa pa mitengo yonga ya anzao. Koma analonjeza zinthu zimene wina ali yense sanalonjeze wosauka: cakudya cosasakaniza, muyeso wokwana, ndi kubweza phindu kwa wogula.

Njira yobwezera phinduyi anaikonza Charles Howarth, mmodzi wa oyambitsawo. Pakutha pa miyezi itatu iri yonse ankawerenga ndarama, nalipira zonse zofunika, napatsa osonkha mpamba ciongola dzanja cocepa. Zotsala ankagawira mamembala monga mwa kugula kwao. Tiyerekeze kuti mai wina wagula zinthu za £10, ndipo mnzace za £5. Woyambayo adzalandira kawiri kuposa mnzaceyo. Motero munthu wa ana ambiri, wogula zambiri, ndiye anapindula koposa.

Taonani tsono nzeru yace. Popeza wogula ndiye mwini sitoro, panalibe cifukwa cobera pa sikelo, pakuti ndani angadzibere yekha? Colinga cao cinali kuombola osauka ku cinyengo ndi ku ngongole, ndipo cokopa ogula cinali comweco. Cifukwa cace anakana kukongoza munthu ali yense, ngakhale mbale. Membala ali yense anali ndi mau amodzi posankha atsogoleri, wa ndarama zambiri ndi wa zocepa cimodzimodzi. Akazi naonso analoledwa. Eliza Brierley analowa m'caka ca 1846, nthawi imene akazi analibe mau posankha aphungu a dziko lao.

Pakutha pa 1845 mamembala anali 74. M'caka ca 1849 banki yosungirako ndarama ya m'mudzimo inagwa, ndipo anthu ambiri anaona kuti sitoro ya pa Toad Lane ndiyo yokhulupirika. Pofika 1850 mamembala anakwana 600. Anatsegula cipinda cowerengeramo mabuku ndi manyuzi pamwamba pa sitoro, ndipo pambuyo pace anaika lamulo lakuti pa £100 iri yonse ya phindu azipatula £2 10s. ya maphunziro.

Mayeso awiri

Lonjezo limaoneka mphamvu yace pa tsiku la mayeso. M'caka ca 1850 anayambitsa cigayo cao kuti akhale ndi ufa woona. Koma ufa wopanda mankhwala sunali woyera mbee monga wa masitoro ena, ndipo ogula ena anaunyoza. Kukadakhala kosabvuta kuthiramo mankhwala kuti maso a anthu akondwe. Iwo anakana, nayamba kufotokozera anthu kuti kuyera kwa ufa wacinyengo sikukhutitsa mwana. Pang'ono pang'ono anthu anamva, ndipo cigayo cinaima. Tizindikire kuti Boma la Britain linaika lamulo loyamba loletsa kusakaniza zoipa m'zakudya zonse m'caka ca 1860. A pa Toad Lane anali atalisunga kale mwa kufuna kwao zaka 16.

Mayeso aciwiri sanawapambane. M'caka ca 1854 anayambitsa fakitale ya nsaru, napangana kuti anchito azilandirako gawo la phindu. Fakitale itakula panafunika mpamba wambiri, ndipo analandira anthu atsopano amene anangotsata phindu, osadziwa cimene oyambawo anafuna. M'caka ca 1862 atsopanowo anacuruka mau pa msonkhano, nacotsa gawo la anchito lija. Makina anapitirira kuzungulira, koma fakitale inasanduka yonga zina zonse. Akuluakulu anati, ici cakoma ici cakoma pusi anagwa cagada.

Mbeu inafalikira

Sitoro yokha inasunga njira yace, ndipo midzi ina inatengera. M'caka ca 1863 mabungwe a kumpoto kwa England anapanga bungwe lalikuru logula katundu wa pikulitsa, limene pambuyo pace linadziwika ndi dzina lakuti Co-operative Wholesale Society. M'caka ca 1895, ku London, anakhazikitsa International Co-operative Alliance yolumikiza mabungwe otere a maiko ambiri. Ku Nyasaland, dziko limene tsopano ndi Malawi, lamulo la mabungwe a Co-operative linaikidwa m'caka ca 1946. Kanyumba ka pa Toad Lane kanasanduka nyumba yosungiramo mbiri m'caka ca 1931.

Inu amene muli ndi kasitoro pamudzi, kapena mugulitsa ufa ndi nsomba pa msika, lingalirani za anthu 28 aja. Dzifunseni bvuto la anansi anu limene malonda anu acotsa, ndipo cimeneco cikhale cimene mudziwika naco. Ngati ndi muyeso wokwana, ukhale wokwana kwa mfumu ndi kwa mwana wotumidwa ndi amace, pa masika ndi pa nthawi ya njala yomwe.