Ulendo wa pandege kuchoka ku Lilongwe kupita ku Jeddah: mtunda ndi maola

Asilamu ambiri ochokera ku Malawi opita ku Hajj kapena Umrah amanyamukira pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, n'kukatera pabwalo la King Abdulaziz mumzinda wa Jeddah ku Saudi Arabia. Kudziwa mtunda ndi maola a ulendowu kumathandiza kukonzekera Swala, Ihraam ndi chisamaliro cha okalamba.

Mtunda wake

Pakati pa mabwalo awiriwa pali makilomita pafupifupi 4,000 mukayeza molunjika. Ndege ikanakhala yosatera pena paliponse, bwenzi ikutenga maola pafupifupi 5. Koma palibe ndege yoyenda nthawi zonse molunjika pakati pa mizindayi, choncho apaulendo amasintha ndege panjira.

Njira yodziwika ndi yodzera ku Addis Ababa, m'dziko la Ethiopia. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600, ndipo ndege imatenga maola pafupifupi 4. Kuchoka kumeneko kufika ku Jeddah ndi makilomita pafupifupi 1,400, ulendo wa maola awiri ndi theka.

Chimene chimatalikitsa ulendo

M'mwamba mumakhalamo maola 6 kapena 7 okha. Chimene chimadya nthawi ndi kudikira ndege yachiwiri, kumene kungatenge maola angapo malinga ndi tikiti yanu. Onjezeraninso ulendo wa pamsewu wochokera ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, komanso kufika pabwalo kudakali maola atatu ndege isananyamuke. Mukawonkhetsa, muwerengere tsiku lathunthu. Mankhwala a BP kapena a shuga akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wopita kunsi kwa ndege.

Kusiyana kwa nthawi

Ethiopia ndi Saudi Arabia ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Ikakhala 12 koloko masana kuno, ku Jeddah imakhala 1 koloko. Nthawi yolembedwa patikiti ndi ya dziko limene bwalolo lili, ndiye sinthani wotchi mukangotera.

Swala ndi Ihraam

Mtundawu ukupitirira kutali mlingo umene wapaulendo amaloledwa kufupikitsa Swala za marakaa anayi kukhala awiri, komanso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, kapena Maghrib ndi Isha.

Amene akulunjika ku Makkah asadikire kuti akavale Ihraam atatera, chifukwa maulama ambiri amati Jeddah ili kale mkati mwa malire a Miiqaat. Ndege yochokera kum'mwera imadutsa kufupi ndi Miiqaat ya Yalamlam isanatere. N'chifukwa chake ambiri amasamba ndi kuvala nsalu za Ihraam asanakwere ndege yomaliza, n'kuchita niya m'mwamba poyandikira malirewo. Nsaluzo zikhalenso m'chikwama cha m'manja. Amene akuyambira ku Madinah amakavalira Ihraam ku Dhul Hulaifah ponyamuka kupita ku Makkah.

Musananyamuke, afunseni a Sheikh a pamzikiti panu kapena otsogolera gulu lanu kuti mudzachitire pati niya. Allah afewetse ulendo wa onse amene akukonzekera.