Gwero

Gwero ndi pamene chinthu chimayambira. Mtsinje wa Shire gwero lake ndi Nyanja ya Malawi: umatuluka kum'mwera kwa nyanjayi, n'kudutsa pansi pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma la Mangochi, kenaka n'kulowa m'nyanja ya Malombe. Matenda nawonso ali ndi gwero, monga chitsime chosasamalidwa nthawi ya kolera.

Koma tanthauzo limene ana asukulu akufunika kulidziwa kwambiri ndi la gwero la nkhani: wanena ndani, wazitenga kuti, ananena liti, ndipo akupindulapo chiyani? Mphekesera ilibe gwero looneka. Imangoti “akuti”, basi. Mu 2017 “akuti” wa anamapopa anaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi m'maboma oyandikana nawo, chonsecho mpope wamagaziwo palibe anaugwira m'manja.

Buku nalonso liyenera kufunsidwa. Mabuku ena akale amati David Livingstone ndiye anatulukira Nyanja ya Malawi mu 1859. Mwana wa m'mphepete mwa nyanjayi, ku Makawa kapena ku Malembo, ali ndi ufulu wofunsa kuti, nanga Anyanja amene ankawedza chambo pamenepo anali asanaione? Nkhaniyo gwero lake ndi mlendo, wolembera alendo anzake.

Wophunzira wozolowera kufunsa motere sakopera zilizonse za pa WhatsApp, ndipo pa mayeso a MSCE funso lofuna zifukwa silimusowetsa chonena. Chovuta n'chakuti m'kalasi lodzaza, lomwe ana asanu amalimbirana buku limodzi, mphunzitsi alibe buku lachiwiri loti ana ayerekezere nalo.